Ku Reykhólar, mudzi wodyera ndere ndi madzi otentha

Kwathu ndi ku Nkhotakota, ndiye madzi otentha otumphuka pansi sindinayambire kuwaona kunja. Ndili mwana tinkalawirira ku Mawira mwezi wa June, mwera utaomba usiku wonse, amayi atasenza beseni la zochapa, ife ana tikuthamangira kutsogolo kuti tikayambe kusamba anthu asanachuluke. Palibe ankafunsa kuti madziwo amawatenthetsa ndani. Tinkasamba, amayi n'kuchapa, madziwo n'kumapita kwawo.

Patapita zaka zambiri ndinapeza mwayi wa maphunziro a miyezi ingapo ku Iceland. Tsiku lina m'kalasi mphunzitsi anatchula kamudzi kena ka m'mbali mwa nyanja, kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo, komwe anthu amadula ndere za m'nyanja n'kuziumitsa ndi kutentha kwa madzi a pansi. Anangokatchula modutsa n'kupitiriza zina, koma ine mtima unatsalira pomwepo. Dzina la mudziwo ndi Reykhólar. Mwezi wa July titapatsidwa masiku atatu opuma, ndinanyengerera mnzanga wina wa ku Mangochi, amene tinkaphunzira limodzi, kuti tisonkherane ndalama tibwereke galimoto tikaone. Ndalemba izi kuti amene angafune kupitako asakapunthwe pomwe ife tinapunthwa.

Chopunthwitsa choyamba chinali dzina. M'chinenero chawo reykur ndi utsi kapena nthunzi, ndipo poti dzikolo nthunzi ili ponseponse, malo ambiri mayina awo amayamba chimodzimodzi: Reykjavík, Reykjanes, Reykholt, Reykhólar. Titaima pa tauni ya panjira ya Borgarnes kumwa tiyi, mnzanga analemba "Reykh" pa mapu a pafoni n'kudina dzina loyamba lomwe linabwera. Linali Reykholt, mudzi wina wa kumtunda wopanda nyanja n'komwe. Chinatitsitsimutsa n'chakuti tinkangolowerera m'chigwa, nyanja tikuisiya kumbuyo, komanso foni inkati tatsala pang'ono kufika pomwe tinkadziwa kuti ulendo ndi wa maola atatu. Pobwerera pa msewu waukulu ola lathunthu linali litapita. Lembani dzina lonse, Reykhólar, ndipo muonetsetse kuti mapu akukulozerani m'mbali mwa nyanja ya Breiðafjörður. Ngakhale dziwe losambira la m'mudzimo, Grettislaug, lili ndi lina la dzina lomwelo kutali ku Skagafjörður.

Njira yeniyeni si yovuta. Kuchokera ku Reykjavík ndi makilomita pafupifupi 230. Mumatenga msewu nambala 1 kulowera kumpoto, n'kudutsa pansi pa nyanja pa Hvalfjörður, mumsewu wokumba wotalika pafupifupi makilomita 6, kenako Borgarnes. Mukapitirira ndithu mumakhotera kumanzere pa msewu nambala 60, kukwera chitunda cha Brattabrekka, kutsikira pa Búðardalur, kuoloka Gilsfjörður, kudutsa Króksfjarðarnes, ndiye n'kusiya 60 kulowa nambala 607 womwe umakakutulani m'mudzimo. Mabasi a chigawo chimenecho ndi owerengeka, musawadalire. Kwa ife ozolowera kuyendetsa kumanzere, kumbukirani kuti kumeneko galimoto zimayenda kumanja, ndipo dzanja limaiwala makamaka potuluka pamalo omwetsera mafuta. Nyali zimakhala zoyaka usana ndi usiku, ndi lamulo. Liwiro pa phula ndi 90, pa msewu wa miyala 80. Mukaona chikwangwani cholembedwa Einbreið brú, dziwani kuti mlatho uli kutsogolowo ndi wa galimoto imodzi, woyamba kufika ndiye woyamba kuoloka. Nkhosa nazo nthawi ya chilimwe chawo zimangoyenda zokha m'mapiri ndi m'misewu. Mukaona mayi ali tsidya lino, ana ali tsidya lina, chepetsani liwiro chifukwa anawo adumphira kwa make nthawi iliyonse. Ndipo potsegula chitseko cha galimoto gwirani zolimba. Mphepo ya kumeneko imatha kuchikankha mpaka kupinda mahinjesi.

Chopunthwitsa chachiwiri chinali dzuwa. Ife nthawi timaiwerengera kumwamba: dzuwa likapendeka, munthu umadziwa kuti uyambe kuganiza za ndiwo. Ku Iceland mu July dzuwa limangozungulira, usiku wake n'kachisisira chabe. Tinkaima paliponse kujambula mapiri, mitima ili m'malo, tikuona ngati ndi cha m'ma 4 koloko. Polowa m'mudzimo koloko ya m'galimoto inkati 8 yadutsa. Kagolosale kamodzi komwe tinkadalira kanali katatsekedwa kale, monga mwa nthawi yake. M'chikwama munali mabisiketi paketi imodzi ndi kansomba kouma komwe amati harðfiskur. Mayi wina wachikulire wa pamalo pomwe tinagona ataona tikugawana mabisiketiwo, sanafunse zambiri. Analowa m'kati n'kubwera ndi buledi wakuda wotsekemera, batala ndi mpeni, n'kutionetsa kuti nsomba youmayo amaidya atapaka batala pamwamba. Tinamuthokoza ndi manja awiri mwa kwathu, iye n'kungogwedeza mutu. Gulani chakudya pa Borgarnes, pali masitolo akuluakulu ngati Bónus ndipo mitengo yake ndi yopepukirako. Mafuta thirani pa Búðardalur. Ndalama za pepala sizifunika kwenikweni, pafupifupi paliponse amalandira khadi ya ku banki, koma mapampu odzithirira wekha amafuna nambala yachinsinsi ya khadiyo.

Madzulo amenewo mudziwo sunandigwire mtima, ndinene zoona. Nyumba zowerengeka pa kachitunda, tchalitchi, sukulu, nyumba yosungirako okalamba, anthu ake ongopitirira pang'ono 100. Mitengo kulibe yoti munthu n'kukhala pamthunzi. Kumunsi dambo lalikulu, uko ndi uko kautsi koyera kakufuka mu udzu ngati wina wasiya moto wa mbewa. Kupitirira dambolo madzi otuwa, ndi tizilumba tathyathyathya tambirimbiri. Ndinayang'anayang'ana ndere zotchukazo, osaziona. Mnzanga anati, "Achimwene, ndalama zathu zija tabwera kudzaona izi?" Ndinasowa chomuyankha. Tinagona makatani atatsekedwa, kuwala kukulowabe m'mbali. Katengeni kansalu kophimba m'maso, apo ayi tulo simutiona.

M'mawa ndinadzuka ndekha n'kutsikira kugombe. Nyanja inali itachoka.

Munthu wa ku nyanja ya Malawi ayenera kuziona ndi maso kuti amvetse. Kwathu madzi amatsika pang'onopang'ono kuyambira mvula ikatha mpaka dzinja lina, ndipo bwato ukalisiya pamchenga madzulo umalipeza pomwepo m'mawa. Kuno madzi amaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, ndipo ku Breiðafjörður kusiyana kwake ndi mamita angapo, kuposa mbali zambiri za dzikolo. Pomwe dzulo panali madzi okhaokha, tsopano panali miyala yakuda mpaka kutali, yonse itafundidwa ndi chinthu chofiirira mobiriwira, chonyezimira, chonyowa, ngati wina wayala zikopa dziko lonse. Tizilumba tina tinali titalumikizana, tina tatsopano titatumphuka. Anthu a kumeneko amati m'dziko lawo muli zinthu zitatu zosawerengeka, ndipo chimodzi mwa izo ndi zilumba za Breiðafjörður. M'mawa umenewo ndinamvetsa chifukwa chake: uziwerenga nthawi yanji, madzi atadzaza kapena ataphwa?

Ndikamati ndere musaganize za zobiriwira zoterera zija timaziona pa miyala ya kumtsinje kapena m'thanki yosatsuka. Ndasowa dzina lina chabe. Izi ndi zomera zenizeni, zolimba ngati lamba. Mtundu wochuluka pamenepo amautcha klóþang. Ndinanjuta n'kunyamula chingwe chimodzi. Chinali chachitali kuposa mkono wanga, cholemera, chogwira pamwala ndi kaphazi kolimba moti kuchizula ndi dzanja limodzi sikutheka. Mizu ilibe, chakudya imatengera m'madzi momwemo. M'chingwemo muli timatumba ta mpweya tofanana ndi mtedza wosasenda, totalikirana pang'ono. Ndi timeneti timaimiritsa chomeracho madzi akabwera, moti pomwe ndinaima ine pamasanduka nkhalango ya pansi pa madzi. Chaka chilichonse chingwe chimaonjezera katumba kamodzi, ndiye munthu atha kuyerekeza zaka zake powerenga. Changa chinali ndi timatumba 9. Ndinafinya kamodzi mpaka kanaphulika, ndipo m'zala munatsala utomoni woterera ngati wa therere. Fungo lake ndi la mchere ndi nsomba yaiwisi, lamphamvu koma losanyansa. Pansi pake, nditakweza mtolowo, munali tinkhono, tinkhanu ndi tizilombo tolumphalumpha.

Apa chenjerani. Ndere zimaterera kuposa sopo, ndipo miyala ili pansi pake ndi yakuthwa. Valani jombo zogwira pansi, ndipo musapite kutali ndi mtunda. Madzi akamabwerera sabwera ndi mafunde ochenjeza. Amalowa mwakachetechete m'makwalala a pakati pa miyala, kukuzungulirani kumbuyo. Ndinaona khwalala lomwe ndinadumpha louma litasanduka kamtsinje pasanathe theka la ola. Madziwo ndi ozizira moti munthu sangalimbemo nthawi yaitali. Funsani eni mudzi nthawi ya kuphwa kwa madzi tsiku limenelo, onse amaidziwa ngati mmene msodzi wa kwathu amadziwira za mwezi. Pakagwa zovuta nambala yake ndi 112. Koma musachoke ku Reykhólar musanaone madzi ataphwa. Amene wangodutsa masana n'kujambula tchalitchi, mudziwo sanauone.

Titamwa tiyi tinapita kudoko. Lili pa kachilumba kotchedwa Karlsey, komwe anakalumikiza ndi mtunda pounjika miyala n'kuikapo msewu. Pamenepo ndi pomwe pali fakitale ya ndere, imene kunja imadziwika kuti Thorverk. Ntchito imeneyi inayamba m'zaka za m'ma 1970 ndipo ndi imene yagwira mudziwo. Si malo a alendo, m'kati simulowedwa mwachisawawa, ndiye ife tinaima panja kumaonera. Bambo wina wovala ovolosi, ndevu zaimvi, amene ankakonza zingwe padoko, atamva kuti ndife a ku Malawi anasiya ntchito n'kutifotokozera. Dziko lathu ankalidziwa. Boma lawo lakhala likuthandiza ku Mangochi kwa zaka zambiri pa zaumoyo, madzi ndi sukulu, ndipo mnzanga atatchula Monkey Bay, bambowo anamwetulira ngati wamva za kwa achibale. Chinandivuta n'chakuti anatiuza dzina lake loyamba n'kuyembekezera kuti tizimutchula choncho. Kumeneko ngakhale mtsogoleri wa dziko amamutchula dzina loyamba. Lilime langa linakana, ndinkangoti bambo mumtima, pakamwa n'kumazemba dzinalo.

Anatilozera kutali pakati pa zilumba, pomwe kachinthu kanali kuyenda pang'onopang'ono pamadzi. Ndi makina odulira ndere, oyandama ngati bwato, okhala ndi mipeni kutsogolo. Munthu mmodzi amakhalapo, kutsata madzi akamakwera ndi kutsika, kumeta nsonga za klóþang zikaimirira. Sazula. Tsinde amalisiya kuti liphukenso, ndipo malo odulidwa amawasiya zaka zingapo asanabwerereko, monga mmene makolo ankagonekera munda. Zodulidwazo zimalowa m'matumba akuluakulu a ukonde omwe amasiyidwa akuyandama, kenako sitima imabwera kudzawatola n'kupita nawo kudoko. Eni magombe ndi zilumba amalandirapo kangachepe. Palinso mtundu wina wa masamba otambalala, hrossaþari, womera pakuya, umene amaukolola ndi sitima.

Ndere zikafika zimakhala madzi okhaokha, ndipo zikachedwa zimayamba kuola. Dzuwa la ku Iceland silingaumitse ngakhale malaya, nanji milu ya matani. Kuumitsa ndi mafuta kapena malasha kukanadya phindu lonse. Apa ndi pomwe madzi otentha amalowera. Anabowola zitsime m'mudzimo, madzi amatuluka otentha kupitirira madigiri 100, amayenda m'mapaipi kupita ku fakitale, kumeneko amatenthetsa mpweya womwe umauzira ndere zoduladula zikuyenda pa lamba. Zikauma amazipera n'kukhala ufa wobiriwira motuwa, n'kuutumiza kunja. Ufawo umapita m'chakudya cha ziweto, mu feteleza, m'zodzola, ndipo wina amachotsamo chinthu chija chamatamata chimene chimalimbitsa zakudya ndi mankhwala ena a m'mafakitale. Utomoni unanditsalira m'zala uja ndi umene ukugulidwa.

Chomwe chinandikhudza kwambiri chili pafupi pomwepo. Madzi akamaliza ntchito ku fakitale ya ndere amakhala akadali otentha. M'malo mowataya onse, fakitale ina yaing'ono, ya Norður Salt, imawagwiritsa ntchito kutenthetsa madzi a m'nyanja m'mapoto otambalala mpaka mchere utayamba kuyandama pamwamba ngati timamba ta nsomba. Kutentha komweko kumafunditsa nyumba za m'mudzimo, sukulu, ndi dziwe losambira. Nkhuni palibe akutola, utsi wa moto palibe.

Mnzanga anakhala chete nthawi yaitali, manja ali m'thumba, kenako anati, "Achimwene, mukukumbukira usipa wa mwezi wa January? Pa thandala masiku atatu mvula ili pa, mpaka kununkha. Amayi anga chaka china anataya madengu anayi." Ndinkaganiza zomwezo. Sindikufuna kunamiza munthu kuti zimene tinaona n'zongonyamula n'kukaika kwathu. Akasupe athu, a ku Nkhotakota kapena a ku Chiweta ku Rumphi, satuluka owira ngati amenewa, ndipo kubowola chitsime chakuya ndi ndalama zambiri. Koma kuumitsa usipa kapena matemba sikufuna moto wa ng'anjo, kumafuna mpweya wofunda wosalekeza. Ndipo anthu 100 awa sanadikire kuti mudzi wawo ukule kaye. Zimenezi zakhala zikundizungulira m'mutu mpaka lero, makamaka ndikaona nkhuni zikutsitsidwa kugombe zowambira nsomba.

Masana tinayenda m'dambo muja. Pali kanjira kokonzedwa kochokera pafupi ndi dziwe losambira, kodutsa pa akasupe mpaka ku kanyanja ka mbalame. Kasupe wodziwika kwambiri ndi Einireykir. Umamumva usanamuone, akubwata chapansipansi ngati mphika wa nyemba, ndipo fungo la dzira losukusa limakupeza uli patali. Pano ndiyenera kunena mosabisa kwa anzanga a ku Nkhotakota: awa si Mawira. Dzanja lathu linazolowera kuyesa madzi, ndipo langa linanyamuka lokha mpaka mnzanga anandigwira mkono. Madzi amenewa amasupula khungu nthawi yomweyo. Nthaka yozungulira nayo imanyenga, pamwamba udzu wobiriwira bwino, pansi matope otentha. Musachoke m'kanjira, ndipo ana agwireni padzanja.

M'dambomo muli mbalame zambiri, ndipo ina mwa izo ndi yaukali. Amaitcha kría, yoyera, kamutu kakuda, mchira wamphanda. Imaikira mazira pansi, ndipo ukayandikira imakutsikira pamutu ikulira mokalipa, mwina n'kukujompha mpaka magazi. Imalunjika pamwamba penipeni, ndiye eni ake amanyamula kandodo n'kukakweza kupitirira mutu. Sakuimenya, akungoipatsa china cholimbana nacho. Ife tinakweza botolo la madzi. Kambalame kameneka chaka chilichonse kamauluka kukafika ku Antarctica n'kubwerera, ndipo tina timadutsa m'magombe a Africa. Nditamva zimenezo mkwiyo wanga unatha.

Kenako inafika nthawi yosamba. Nthawi ya ulendo wathu m'mudzimo munali malo aang'ono otchedwa Sjávarsmiðjan, komwe ankathira ufa wa ndere m'mabafa akuluakulu a panja odzaza madzi otentha a pansi. Malo otere m'midzi ing'onoing'ono amatsegula nyengo yofunda, ndipo maola ake amasintha, choncho fufuzani ngati akadalipo musananyamuke ku Reykjavík kuti musakakhumudwe. Madzi ake ndi obiriwira moderako, ngati thobwa la masamba, ndipo ukalowa thupi lonse limaterera. Pansi pa bafa pamakhala matope a ufawo omwe anthu amatapa n'kudzola kumaso ndi m'mikono. Mutu uli pamphepo yozizira, thupi lili m'madzi otentha, maso ali pa zilumba. Nditatuluka khungu linali lofewa ngati ndadzola mafuta, ndipo miyendo yomwe inkawawa ndi ulendo wa pamiyala inapepuka. Zoti zimachiza matenda ine sindinena. Ndikunena zimene ndinamva m'thupi langa tsiku limenelo. Imwani madzi ambiri, mukamva chizungulire tulukani, ndipo potuluka gwirani pambali chifukwa phazi limakhala lopanda mphamvu yogwira. Mphete kapena tcheni cha siliva vulani, madzi a akasupe amachidetsa. Kabudula wosambira tengani wakuda.

Amene alibe ndalama ya mabafa a nderewo asadandaule. Dziwe la Grettislaug lili kumunsi kwa mudzi, pafupi ndi malo omangapo matenti, ndipo mtengo wake ndi wa anthu wamba. Dzinalo ndi la Grettir, chigawenga champhamvu cha m'nkhani zakale za dzikolo, amene akuti anakhalapo nyengo yozizira yonse ku Reykhólar, ndipo tsiku lina anasenza ng'ombe yamphongo pamapewa kuchokera kugombe. Chofunika kudziwiratu ndi mwambo wa pamalo osambira. Musanalowe m'dziwe mumavula zonse, zonse ndithu, n'kusamba ndi sopo m'chipinda cha amuna kapena cha akazi, pamaso pa anzanu, kenako n'kuvala chosambira. Pakhoma pamakhala chithunzi chosonyeza malo oyenera kutsuka. Nsapato zimatsala panja, ndipo mumadzipukuta musanabwerere komwe kuli zovala. Mnzanga zinamulemera, poti m'chipindamo munali bambo wamsinkhu wa atate ake pamodzi ndi kamdzukulu. Kwathu kumadabwi amuna timasamba limodzi, koma mkulu ndi mwana amapatukana. Kuno palibe amayang'ana mnzake. Chimene amachiona ngati mwano ndi kulowa m'madzi a anthu onse usanasambe. Mukatsatira, m'bafa lotentha la pambali pa dziwe ndi momwe mudzi umachezera madzulo, ndipo mlendo amafunsidwa mafunso mwaulemu.

Tsiku lomaliza tinalowa m'nyumba yosungiramo zakale, ya mabwato ndi zokolola za m'chilengedwe. Ndi yaing'ono, ola limodzi likwana, koma musaidumphe. Mmenemo ndi momwe ndinamvetsa kuti kudyera gombe sikunayambe ndi fakitale. Kale Reykhólar inali imodzi mwa minda yolemera kwambiri m'dziko lonselo, yokhala ndi zilumba mazanamazana, ndipo Breiðafjörður ankaitcha nkhokwe ya chakudya, chifukwa njala ikavuta kwina anthu ankathawira kuno kudzapeza nsomba, mazira a mbalame, nyama za m'madzi ndi ndere zodyedwa zotchedwa söl. Söl tinalawa: yofiirira, youma, yamchere, imamatirira m'kamwa kenako n'kusungunuka.

Chomwe sindidzaiwala ndi nthenga za bakha wa m'nyanja wotchedwa æður. Wamkazi akamaikira amadzizula nthenga zofewa za pachifuwa n'kuyala m'chisa. Alimi amateteza zisazo kwa ankhandwe ndi mbalame zolusa, usiku ndi usana nthawi yoswa, ndipo abakhawo, omwe ndi akutchire, amabwerera malo omwewo chaka ndi chaka. Mlimi amatengako nthengazo n'kuikamo udzu wouma, bakha osaphedwa, mazira osasweka. Pamafunika zisa pafupifupi 60 kapena kuposerapo kuti papezeke kilogalamu imodzi yoyeretsedwa, ndipo zofunda zake zimagulidwa ndi anthu olemera a kunja. Mayi wa pamalopo anandiuza kuti nditseke maso n'kutambasula dzanja. Ndinadikira kuti aikepo. Anati, "Ndaika kale." Sindinamve kulemera kulikonse, koma patapita kanthawi chikhatho chinayamba kufunda chokha.

Za chitupa ndinene mwachidule. Iceland ili m'gulu la mayiko a Schengen, ndipo wa pasipoti ya Malawi amafunika viza imeneyo. Amene muli ku Britain, chilolezo chanu chokhalira kumeneko sichilowa m'malo mwake. Ku Lilongwe kuli ofesi ya kazembe wa Iceland komwe mungafunse kumene pempho limaperekedwa, ndipo yambani msanga. Miyezi yabwino ndi June, July ndi August. Ngakhale pamenepo kuzizira kumakhala cha m'ma digiri 10, ndiye tengani juzi, jekete yosalowa mvula ndi mphepo, chipewa chophimba makutu ndi magolovesi. M'mawa uliwonse onani za nyengo pa vedur.is ndi za misewu pa umferdin.is. Malo ogona m'mudzimo ndi ochepa, sungitsani pasadakhale. Madzi akumwa musagule. A pampopi wozizira ndi abwino kuposa a m'botolo, kungoti muwasiye atayike pang'ono ngati wina anatsegula otentha, chifukwa otenthawo m'malo ambiri amanunkha dzira lija. Ndipo gonani masiku awiri. Limodzi silikwana kuona nyanja itadzaza ndi itaphwa, osathamanga.

Pobwerera kwathu ku Nkhotakota ndinatenga kabokosi ka mchere uja ndi kapaketi ka söl. Söl amayi anainunkhiza n'kuibweza, amvekere, "Zimenezi mudye nokha, mwanawe." Koma mcherewo anauthira pachikhatho, n'kuufikisa ndi chala, timamba tija tikuphwanyika. Anaulawa, n'kuwaza pang'ono pa usipa wootcha. Ndinawafotokozera za mapaipi, za fakitale, za madzi omwe amaumitsa ndere kenako n'kukaphika mchere. Anamvetsera mpaka kumapeto, akutafuna pang'onopang'ono.

"Ndiye madzi ake ndi ngati a ku Mawira omwewa?"

"Otentha kuposa amenewa, amayi. Koma ochokera pansi momwemo."

Anapukuta m'manja pa chitenje n'kutseka kabokosiko bwinobwino. "Mawa tilawirire," anatero. "Ndili ndi zochapa. Ukandionetse pomwe paipiyo ingayambire."